Nyale za pa khonde la mmwenye

Pa siteshoni pomwe ndinakulira, m'mbali mwa njanji yochoka ku Limbe kupita ku Salima, panali mzera wa masitolo a amwenye, a malata ofiira ndi makonde aatali. Eni ake ambiri anali Asilamu. Banja limodzi lokha ndilo linali la Ahindu, ochokera ku Gujarat, ndipo pa khonde la banja limeneli ndi pomwe bambo anga anakhazika makina awo a Singer ine ndisanabadwe. Anali telala. Munthu akagula nsalu m'katimo ankangotuluka pakhomo, bambo n'kumuyeza pomwepo. Ine ndinali wa tintchito tonse topanda dzina: kusokerera mabatani, kukoleza makala a m'simbi, kuingitsa mbuzi zobwera kudzanyambita matumba a mchere.

Amene tinaona zimenezi tatha, ana inu. Mwezi wathawu taika mlamu wanga, ndipo ndiye anali wotsiriza yemwe ndikati "ukukumbuka nyale zija?" ankangoseka osandifunsa kuti nyale zake ziti.

Zinkayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tchire litapsa, anthu akusosa m'minda maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Adona a m'sitolomo ankatulutsa katundu yense pabwalo, mabelo a nsalu, zitini za palafini, makasu, mpaka sefa ya ndalama kuikankhira pambali. Anyamata tinkapeza ganyu yopaka laimu, kulandira tiki dzuwa likamalowa. Ankati mlendo amene akumuyembekezera salowa m'nyumba ya zinyalala kapena ya mdima. Mlendoyo anali Lakshmi, mulungu wawo wamkazi wa chuma ndi mwayi, amene chithunzi chake chinkakhala pamwamba pa kauntala chaka chonse: mayi wa manja anayi ali pa duwa la m'madzi, ndalama zikuyoyoka m'dzanja lake limodzi. Pambali pake panali Ganesha, wa mutu wa njovu, amene ana tinkamuopa ndi kumukonda nthawi yomweyo.

Agogo anga aakazi anali oumba mbiya, ndipo chaka chilichonse nyengo imeneyi ankalandira oda yomwe poyamba inkawaseketsa: timbale tadothi tokwana pachikhatho, tokhala ndi kamlomo mbali imodzi. "Anthu awa amadyeramo chiyani umu? Ngakhale mbamu siingalowe," ankatero akuwamba. Timbaleto tinali nyale. Adona ankatenga thonje, lomwelo lolimidwa m'minda ya amayi athu, kulipota pantchafu mpaka likhale kachingwe, kuthira mafuta m'kambale, chingwe n'kuchigoneka pa kamlomo paja.

Tsiku lenileni la chikondwerero cha nyalezi, chotchedwa Diwali, silikhala ndi deti limodzi. Limatsata mwezi, ndipo limagwa mwezi uli kumdima, mwina kumapeto kwa Okutobala, mwina mu Novembala. Inu obadwira pansi pa magetsi simungadziwe mdima umene ndikunena. Nyumba ya kwathu inali ndi koloboyi mmodzi, ndipo ankazimitsidwa tikangotha kudya kuti palafini afike Loweruka. Tsono m'dziko la mdima loterolo, usiku umodzi pa chaka, khonde lonse linkayaka. Nyale m'mphepete mwa simenti, nyale m'mawindo, pa masitepe, kuchitsime, pansi pa mtengo wa mango. Adona sankaiwala kuika imodzi pa tebulo la makina a bambo, akuti chida chimene chimadyetsa munthu nachonso chilandire ulemu. Zitseko zonse zinali pululu. Pakhomo ankajambula maluwa pansi ndi ufa wa mpunga ndi utoto, ndipo tsoka mwana wopondapo.

Anthu ankachoka m'midzi ya kutali kudzaima tsidya lina la msewu. Palibe anawaitana, palibenso anawathamangitsa. Amayi ndi ana kumbuyo, madoda atatsamira njinga, Asilamu a masitolo oyandikana atakhala pa mipando pa makonde awo akuonerera. Kenako makombola. Agalu a pa siteshoni ankathawira kudambo osabwerera mpaka m'mawa. Pomaliza mnyamata wa m'nyumbamo ankawoloka msewu ndi thireyi yamkuwa yodzaza maswiti a mkaka ndi tina tokazinga topiringizika, tonata ndi madzi a shuga, aliyense n'kutapako.

Mnyamata ameneyu anali msinkhu wanga. Sukulu ankaphunzira ku Limbe, poti nthawi ya Chitaganya amwenye anali ndi sukulu zawo, azungu zawo, ife zathu, koma pa tchuthi tinkasaka limodzi mbalame ndi legeni, ndipo Chinyanja ankachilankhula kuposa bambo ake. Ndiye anandiuza chiyambi cha nyalezo. Rama, mwana wa mfumu ya ku Ayodhya, anapirikitsidwira kunkhalango zaka 14 chifukwa cha lonjezo limene bambo ake anapereka kwa mkazi wawo wina, wofuna kuti ufumu upite kwa mwana wake. Nkhani ya mitala imeneyi ife sitinavutike kuimva. Anapita ndi mkazi wake Sita ndi mng'ono wake Lakshmana. Sita anabedwa ndi Ravana, mfumu ya mitu khumi ya ku Lanka, ndipo Rama anakamulanditsa mothandizidwa ndi Hanuman ndi gulu lake la anyani. Usiku umene ankabwerera kwawo kunalibe mwezi, choncho anthu a mumzinda anayatsa nyale m'njira monse kuti mfumu yawo isasochere. Ndinafunsa kuti anyani akuba chimanga omwewa? Anakwiya, sanandilankhule mpaka mawa lake.

Kunyumba kwathu maswitiwo ankabweretsa mlandu. Tinali Akatolika, ndipo akatekisi ankachenjeza za zakudya zoperekedwa kwa mafano. Amayi sankalawa. Ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, kumangirira pa nsonga ya chitenje, kufika kunyumba n'kupatsa ana a mnansi wathu amene sankapemphera. Bambo ankadya pomwepo, akunyambita zala. Ankati munthu amene wakhala naye khonde limodzi chaka chonse akakupatsa chakudya pa tsiku lake lalikulu, kukana ndiko tchimo loyenera kukalapa. Anatsutsana nkhani imeneyi mpaka ukalamba wawo, wina osagonja.

Chimene ine chinkandigwira mtima kwambiri chinali mabuku. Amalonda a ku Gujarat amatsekera chaka chawo pa Diwali, ndipo tsiku lotsatira ndi chaka chatsopano. Mmwenye wathu ankaitanitsa mabuku atsopano a chikuto chofiira, kuwaika patsogolo pa Lakshmi, kuwadontheza utoto wofiira, kuwaza mpunga ndi maluwa, banja lonse likuimba. M'mabuku amenewo munali mayina athu. Ngongole ya amfumu ya bulangete, ya aphunzitsi ya matayala a njinga, ya bambo ya ulusi ndi singano. Dzina la bambo anga, Mkatolika wa kolona m'thumba, linkafukiziridwa lubani wa Ahindu chaka ndi chaka. Musaganize kuti ngongole inkakhululukidwa. Inkasamukira m'buku latsopano yonse, mpaka kobiri lobooka lomwe.

Ndinene apa, poti okalamba timakonda kudzoza mafuta zakale. Sitinali ofanana. Bambo anakhala pa khonde limenelo zaka zonsezo osadyako pa tebulo la m'nyumbamo. Mmwenye anali bwana, bambo anali "telala" basi, ngakhale imvi zitamera. Anyamata onyamula matumba ankalandira malipiro omvetsa manyazi, ndipo sikelo ya m'masitolo ena inkadziwa mwini wake. Maswiti a usiku umodzi sanafafanize zimenezo. Komabe chikondwererocho chinkachitikira pa khonde, pamaso pa aliyense, ndipo mwana wa telala anakula akudziwa dzina la Rama monga mwana wa mmwenye ankadziwira kuti Maria ndi ndani.

Pakuti iwonso ankadziwa chaka chathu. Laimu wa Diwali asanade, Khirisimasi inali itafika pa khonde. Sitima inkatsitsa obwera ku Joni ndi ku Halale, a Wenela ndi masutikesi awo a malata, zipewa zopendekera, ndalama zikuwayabwa m'thumba. Khaki, biriwita, merikani, nsalu za maluwa, zonse zinkatsika m'mashelefu. Bambo ankasoka mpaka tambala woyamba, ndipo mmwenye, amene masiku ena ankawerengera palafini ndi kachibekete, ankawabwereka nyali yake ya pampu mwezi wonse. Mudzati zinali za malonda. Inde, zinali za malonda. Koma pa 24 Disembala ankatseka msanga kuti antchito akakonzeke, ndipo mwana aliyense wofuula kuti "Khisimisi bokosi, bwana!" ankachoka ndi kanthu m'manja. Adona ankafunsa amayi kuti, "Mwana wanu uja abadwa usiku uno?"

Mishoni yathu inali ya Amonfoti, ansembe omwe anayambira ku Nzama mu 1901 n'kumafalikira kummwera konse. Kuchoka pa siteshoni unali ulendo wa miyendo, ndipo Disembala ndi mvula. Tinkanyamuka kukali kowala, zovala zatsopano zili m'kamtolo pamutu, nsapato kwa amene anali nazo zili pakhosi. Powoloka mitsinje amuna ankagwirana manja, ana pamapewa. Midzi ina inkatipeza panjira ndi miuni ya udzu, gulu n'kumakula, nyimbo ikayambika kutsogolo n'kumafika kumbuyo itachedwa. Kuseri kwa tchalitchi aliyense ankatsuka matope ndi kuvala, ndipo pamenepo ine ndinkayenda chodzitukumula, poti theka la malaya a m'tchalitchimo mabatani ake ndinasokerera ndine.

Misa inkayamba pakati pa usiku penipeni, m'Chilatini, wansembe atatifulatira. Sitinkamva mawu, koma tinkadziwa poyankha. Pakona panali khola lofolera ndi udzu weniweni, Maria ndi Yosefe atagwada, modyera ng'ombe muli mopanda kanthu, mpaka belu litalira wansembe n'kubwera ndi Mwana Yesu m'manja kudzamugoneka. Amayi okalamba ankalulutira chapansipansi, poti nthungululu m'tchalitchi sinkaloledwa. Titabwerera m'mawa kunali mpunga wa nkhuku, tiyi wa mkaka ndi buledi, thobwa m'mitsuko, ndipo khomo lililonse linali lako. Mpunga tinkaudya tsiku limenelo, kenako n'kuyamba kuwerenga miyezi.

Za Pasaka ndingonena belu. Kuyambira Lachinayi Loyera madzulo linkakhala chete, otumikira Misa n'kumagogoda thabwa m'malo mwake, ndipo likadzalira usiku wa Loweruka ngakhale osapemphera a m'midzi ankati, "Wauka uja." Mu Juni, kukuzizira, kunali ulendo wa Ukaristia. Tinkalambula njira, kuzika nthochi ndi kanjedza mbali zonse, atsikana ovala zoyera akumwaza maluwa, ndipo asisitere ankatiphunzitsa kujambula pansi ndi phulusa, dothi lofiira ndi utuchi pomwe wansembe adzadutse. Bambo atayang'ana zojambulazo anandinong'oneza kuti, "Adona aja akanabwera akanawaposa onsewa." Amayi anawatsina.

Chaka cha 1964 chinatipatsa zambiri. Mu Julayi tinalandira ufulu, ndipo pa 18 Okutobala Papa Paulo VI analengeza kuti Amaritiri 22 a ku Uganda ndi oyera: Karoli Lwanga ndi anzake, amene ambiri mwa iwo anatenthedwa ku Namugongo mu 1886 pa lamulo la mfumu Mwanga. Kufikira pamenepo oyera onse a pa makoma a tchalitchi anali a mphuno zazitali ndi tsitsi la mzindo. Tsopano panabwera chithunzi cha anyamata akuda ngati ife, ndipo wamng'ono pa onse, Kizito, anali mwana woti akanatha kukhala mnzathu wosaka naye mbalame. Ana aamuna obatizidwa zaka zimenezo, funsani, mupeza a Kizito ndi a Lwanga mudzi uliwonse. Msonkhano waukulu wa ku Vatican utatha mu 1965, Misa inatembenukira m'chilankhulo chathu, ng'oma ndi visekese n'kulowa m'tchalitchi, nthungululu ija n'kumasuka. Pamenepa sindidandaula. Amayi anga anamwalira akumva mawu onse a Misa, ndipo ankati ndiye kudya ndi manja ako.

Zimene zinatsatira ndizo zimandiwawa. M'zaka za m'ma 1970 lamulo linatsika loti amwenye achoke m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, kuti eni dziko nawonso aphunzire sitolo. Sizinafike pa za Idi Amin, amene mu 1972 anapatsa amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti atuluke m'dziko, komabe kwa ife a pa siteshoni mapeto ake anali amodzi. Ambiri anaomba m'manja, ndipo zifukwa anali nazo. Mkulu wina anati mlendo ndi mame. Bambo anamuyankha kuti mnyamata uja mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa sitolo yomweyi, nanga mame ake ndi ati? Lole inabwera m'mawa, ananyamula mabelo, sefa, chithunzi cha Lakshmi chitakulungidwa m'bulangete. Timbale ta agogo anatisiya m'katoni pakhonde, ndipo ana anaseweretsa masanje mpaka tinasweka tonse.

Amene anagula sitoloyo anali munthu wabwino, koma analibe wachibale ku Limbe womupatsa katundu pa ngongole, ndipo abale ake a kumudzi ankatenga shuga ndi mawu akuti "tionana". Inagwa. Zinagwanso zoyandikana nayo, ina n'kukhala chigayo, ina malo a mowa, zina mabwinja a mileme. Nthawi yomweyo ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu 1974, ulendo wa ku Joni n'kuimitsidwa, masutikesi a malata aja osatsikanso sitima. Bambo anasamutsira makina pansi pa mtengo kumsika n'kumasoka zigamba. Kaunjika anadzangomaliza zomwe zinali zitafa kale.

Banja lija tinamva kuti linakhala pang'ono ku Limbe kenako linapita ku Leicester, ku Mangalande, komwe amwenye ambiri ochoka kuno ndi ku Uganda anakakhazikika. Akuti kumeneko Diwali imadzaza msewu wa Belgrave ndi anthu zikwizikwi. Ndimakondwa kumva choncho, ndipo ndimachita nsanje.

Khirisimasi ya lero sindiinena zambiri, mungati nkhalamba yayamba. Misa ya pakati pa usiku kwathu kuno imachitika dzuwa litangolowa, anthu akuopa achifwamba panjira. Palibe woyenda ndi muuni. Pa siteshoni masipika amalimbana kuyambira m'mawa, anyamata ataledzera nthawi ya kadzutsa isanakwane, ndipo mpunga ukaphikidwa chitseko chimatsekedwa. Sindikuti chikhulupiriro chatha, ayi. Matchalitchi achuluka kuposa kale, akudzaza. Koma aliyense ali ndi mpanda wake wa njerwa, magalasi osweka ali pamwamba, ndipo chisangalalo chake chimathera m'katimo.

Za Abuda ndinazimva nditakalamba kale. Mdzukulu wa mlongo wanga, makolo ake onse atapita m'zaka zija matenda anatikolola, analeredwa ku Amitofo, malo osamalira ana amasiye kunja kwa Blantyre omwe anayambitsa mmonke wochokera ku Taiwan. Ena pamudzi ankanong'ona, ine ndinkangoona mwana wokhuta, wodziwa Chitchaina, wosadya nyama, wodumpha ngati alibe mafupa. Anandiuza kuti cha mu Meyi amakumbukira kubadwa kwa Buddha. Amaimika kachifanizo ka mwana wakhanda m'beseni la maluwa, dzanja limodzi litaloza kumwamba, ndipo aliyense amatunga madzi onunkhira ndi kachikho n'kukathira pamapewa. Anati Buddha anali mwana wa mfumu, Siddhartha, wobadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka mazana angapo Yesu asanabadwe. Bambo ake anamutsekera m'nyumba yachifumu kuti asaone zowawa, koma tsiku lina atatuluka anakumana ndi nkhalamba, wodwala ndi maliro, ndipo sanathenso kukhala m'mpandamo.

Pa siwa ya mayi a kunyumba kwanga, kwaya itapuma, mnyamatayu anadzakhala nane pamoto n'kundisimbira ina. Mayi wina, Kisa Gotami, mwana wake atamwalira anakana kumuika, n'kumayenda naye khomo ndi khomo kufuna mankhwala. Buddha anamuuza kuti amuthandiza akabweretsa njere za mpiru zochokera m'nyumba yomwe simunachitikepo maliro. Mpiru unalipo paliponse, anthu ankapereka ndi mtima wonse, koma akafunsa za maliro aliyense anali ndi wake womutchula. Pofika madzulo mayiyo anakaika mwana wake. Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Chisoni sichinachoke, koma ndinaona kuti mwanayu wanditengera ndiwo ya kumene anakulira, monga mnyamata uja ankawolokera msewu ndi thireyi. Chondidandaulitsa n'chakuti mwambo wosambitsa khandalo palibe wa pamudzi pathu anauonapo. Timangoumva.

Chaka china ndili ku Blantyre kwa mwana wanga kudikira tsiku la kuchipatala, ndinamva makombola usiku ndipo ndinadziwa mwezi umene tinali. Mawa lake madzulo ndinamuuza andiperekeze ku kachisi wa Ahindu m'tauni. Kunali magetsi a mitundumitundu, magalimoto atadzaza, amayi ovala masari akutsika ndi mathireyi. Mlonda pageti, mwana waulemu ndithu, anavula chipewa n'kundifunsa kuti, "Agogo, mukufuna ndani?" Ndinati ndikufuna kufunsa za banja lina lomwe linali ndi sitolo pa siteshoni yakutiyakuti, mwina alipo wowadziwa. Anati palibe vuto, ndingotchula dzina akaitane akuluakulu. Dzina lomwe ndinali nalo linali lija tinamupatsa tokha mmwenyeyo chifukwa cha kayendedwe kake, ndipo mnzanga uja tinkangomuitana ndi dzina la masewera. La pa chikwangwani cha sitolo linali litafufutika ine ndisanaphunzire kuwerenga, ndipo palibe anaganizapo zolilembanso poti aliyense ankadziwa kuti ndi pa yani. Mwana wanga anati tizipita minibasi zisanathe, mawa tilawirira kukagwira mzere.